Ba Felistus, Foni ndi Nkhuku za Mkamwini

"Mufuna kunichititsa manyazi pa banthu, ba Felistus! Mwana wanga namupeleka kuli imwe kuti mumuphunzitse ukwati, manje imwe mufuna kudyetsa mwamuna wake mapilisi ya chilezi? Ukwati wabwanji wamene uyambila pa kumanga mkamwini?"

Amene ankakuwa choncho pa geti anali Ba Marjory, mayi wa Belinda, mtsikana amene ukwati wake unali pafupi. Linali Lolemba m'mawa, mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Chawama kuja kolowa mpaka m'mano. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ya Ba Felistus ndikunola mipeni, pakuti ntchito yanga ndi imeneyo: kupha nkhuku, kusosola ndi kutumbula, pamsika ndi pa maphwando. Ndine Emelda. Nditamva dzina la Ba Felistus likukokedwa m'fumbi choncho, ndinatuluka mpeni uli m'manja. Sindinkafuna kubaya munthu, ndinangoiwala kuuika pansi, koma anthu amene anali atayamba kusonkhana pa geti anabwerera m'mbuyo onse pamodzi.

"Bwezani mau yamene ayo!" ndinatero. "Nkhuku izi nimazitumbula ine na manja yanga aya. Munapezamo liti pilisi mu nthutumba?"

"Iwe Emelda khala zii, sinikamba na iwe. Mvelani mweka!"

Anakweza foni m'mwamba n'kutsegula uthenga wa mawu umene unali utazungulira magulu a pa Watsapu. Anali mawu a mzimayi, otsika ngati akulankhulira m'bulangete. Ati abale mwa Ambuye, sindifuna kutchula dzina, koma pali mayi wina pafupi ndi chigayo, mlangizi wa atsikana, amene amasungunula mapiritsi a kulera m'madzi a mabuloila ake kuti anenepe msanga, ndipo mwamuna wodya nkhuku zimenezo asayembekezere mwana. Pansi pake panali chithunzi cha mapiritsi ali pambali pa khola. Dzina sanatchule, ee, koma pafupi ndi chigayo mlangizi woweta nkhuku ndi mmodzi yekha. Ngakhale mwana wa nasale akanaloza nyumba.

Vuto lake linali ili. Loweruka la sabata yomweyo kunali chilanga mulilo cha Belinda, mwambo uja umene azimayi a kuchikazi amaphika zakudya za mitundumitundu, kuzimanga m'zitenje n'kuzisenza pamutu ndi ng'oma kupita kwa mkamwini kuti aone zimene azidya m'nyumba mwake. Nkhuku zonse za tsikulo zinali zochokera m'khola la Ba Felistus, ndipo wotsogolera azimayi, womasulira mkamwini mbale iliyonse, anali iwo omwe. Tsono Ba Mwiche, azakhali a mkamwini, Mbemba wa ku Mandevu, anali ataimba foni kuti nkhuku ya pafupi ndi chigayo ikangolowa pabwalo pawo, mabeseni adzabwerera ali omanga. Ba Marjory anabwera kudzanena kuti akukafuna nkhuku kwina, ndiponso mlangizi wina. Mlangizi wochotsedwa pakati pa ntchito, m'komboni muno, ndiye kuti watha. Palibe mayi angamupatsenso mwana wake.

Eni nkhani anatuluka m'khola atavala magambuti, ndowa ili m'manja, utuchi uli m'duku. Anamvetsera uthengawo mpaka kumapeto, n'kupempha kuti aubwereze.

"Amake Belinda," anatero, "ndipatseniko mpaka mawa madzulo. Ngati nkhuku zanga zili ndi mlandu, ndidzabwera ndekha kudzakuuzani."

Ine ndinaseka mokweza, chifukwa ndinkadziwa kuti mlandu palibe. Ba Marjory anamanganso chitenje n'kuchoka akung'ung'udza.

Muyenera kuwadziwa mayi ameneyu kuti mumvetse zimene zinatsatira. Ba Felistus anabadwira ku Chadiza. Sukulu anailekera giredi seveni, osati chifukwa cha mutu, koma chifukwa mlongo wawo wa ku komboni ya George mu Lusaka anafuna wolera ana. Anafika mu Lusaka atakhala pamwamba pa matumba a nshawa m'lole, ndipo mpaka lero amati tauni anaiona koyamba chagada. Anagulitsapo vitumbuwa, anagulitsapo masokosi a salaula, kaunjika uja, anachapapo zovala ku mayadi. Anakwatiwa ndi Ba Benard, wokhoma mbaula ndi zidebe, bambo amene mawu ake a tsiku lonse angakwane m'kapu. Maondo a Ba Benard atayamba kukana kuyenda ndi katundu kumsika, mayi anagwetsa kakhitchini ka panja n'kumangapo khola. Ine pamene madzi anatithamangitsa ku Kanyama, ndili ndi ana ndi matiresi amodzi, amene anandipatsa nkhuku zoyamba kusosola ndi iwowa. Ndiye musadabwe ndi mpeni uja.

Ulangizi sanaupemphe. Azimayi aakulu a kutchalitchi anangoona kuti chimene chalowa m'khutu la Felistus sichitulukira pakamwa, n'kuyamba kumutenga. Ndipo kaweruzidwe kawo ka nkhani za m'banja n'kodziwika Chawama yense. Mwamuna ndi mkazi sawakhazika pamodzi poyamba, ayi. Amamva mkazi yekha mpaka misozi ithe. Amamva mwamuna yekha mpaka mabodza athe. Kenako amakafunsa munthu amene alibe nawo mbali, wogulitsa malasha pakona kapena mayi wa nyumba yoyandikana. Ndipo aliyense amakumana ndi mafunso omwewo: Munaona kapena munamva? Anakuuzani ndani? Zinachitika liti? Nanga wokuuzaniyo apindula chiyani banjali likatha? Ndaonapo amuna a mimba zawo akutuluka thukuta mu Juni ndi mafunso amenewa.

Foni yaikulu anawatumizira mwana wawo wa ku Solwezi kuti aziona adzukulu. Poyamba ankaisunga m'kabati itakulungidwa m'kansalu ngati chikho cha mgonero. Atazolowera, anazindikira kuti ukhoza kuifunsa chilichonse, polemba kapena polankhula, ndipo akamaifunsa m'Chizungu chawo cha giredi seveni amawongola msana ngati akulankhula ndi bwana wa ku khonsolo. Ba Benard amaitcha mwamuna wachiwiri.

Masana a Lolemba lomwelo tinakhala pakhonde, padzuwa, Ba Benard akukhoma mbaula pansi pa mpapaya. Ine ndinali nditamaliza kale ntchito yonse.

"Ba sisi, osavutika, nasecha kudala," ndinatero ndikuwaonetsa zimene ndinali nditafufuza pa foni yanga. "Nalemba ati mabuloila ni yabwino ku thupi. Onani! Bonse bavomela. Tiyeni tikabaonetse ba Marjory bachite manyazi."

"Ukuganiza kuti amake Belinda sanafufuze asanabwere kuno?" anandifunsa. "Iwo analemba kuti mabuloila amapha ubereki, ndipo foni yawo inawavomera ngati mmene yako yakuvomerera. Chinthu ichi chili ngati mnzako wa pa mpopi. Ukabwera utakwiyira mwamuna wako, naye amamukwiyira. Ukabwera mawa ukumutama, naye amati ndi mngelo. Unaika yankho m'funso, mwanawe, ndiye inakubwezera katundu wako."

Ndinabweza foni yanga m'thumba.

Anabwereka magalasi a Ba Benard n'kuyamba. Choyamba anafunsa foni yawo monga akanafunsira Ba Marjory, ndi mawu onse oopsa aja. Kunatuluka mavidiyo a amuna ovala mataye akukuwa, zithunzi za nkhuku zazikulu ngati mbuzi, zilembo zofiira. Ba Felistus anangotsitsa ndi chala mpaka pansi penipeni pa tsamba lina, n'kundionetsa kabotolo ka zitsamba kotsuka m'thupi mwa amene anadya mabuloila, nambala ya foni ili pambali.

"Uyu akufuna uope kuti ugule," anatero. "Tamumva. Akhale apo."

Kachiwiri anafunsa ngati ine. Pamwamba panatuluka nkhuku zoyera mbee, ana akumwetulira. Anandiloza kachilembo kakang'ono kosonyeza kuti awa analipira kuti akhale patsogolo: ogulitsa anapiye, ogulitsa chakudya cha nkhuku.

"Awa ndi achibale a mkwatibwi. Sangamunenere choipa. Nawonso akhale apo."

Kachitatu anafunsa ngati mlendo amene alibe khola ndiponso alibe mkamwini. Sanalembe kuti zabwino, sanalembe kuti zoopsa. Anangofunsa kuti n'chifukwa chiyani nkhuku zoyera zimakula msanga, ndipo zimapatsidwa chiyani. Anawonjezera mawu oti kafukufuku, mawu oti madokotala a ziweto, kenako dzina la dziko lathu. Abale, zimene zinatuluka zinali zogonetsa tulo! Zilembo zokhazokha, popanda wokuwa, popanda chithunzi. Ine ndinadandaula kuti mabandulo akuthera pa zinthu zopanda mchere. Iwo anati zopanda mchere ndi zimene akufuna.

Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Akakumana ndi liwu lowakanika ankalikopera n'kulifunsa palokha, kenako n'kubwerera. Tsamba lililonse ankayamba ayang'ana amene analemba ndi chaka chake. Lina analitaya chifukwa linalibe dzina la mwini. Lina analitaya chifukwa linangokopera mnzake liwu ndi liwu, ati mboni ziwiri zogona nyumba imodzi ndi mboni imodzi. Anasunga amene sakudziwana: sukulu ya ulimi ya dziko lina, bungwe la madokotala a ziweto la kwina, ndi nyuzipepala ya konkuno. Onsewo ankanena zofanana, kuti nkhuku zimenezi ndi mtundu umene anthu akhala akusankha kwa zaka zambiri kuti uzikula msanga, kuphatikiza chakudya chake ndi kufunda. Za mapiritsi a kulera anapeza nkhani za mphekesera ndi machenjezo, koma sanapeze amene anasonyeza kuti piritsi limanenepetsa nkhuku.

"Za m'makola a anthu ena sindingalumbire," anatero. "Kaya alipo wopusa anayesapo, sindidziwa, ndipo foni nayo siikudziwa. Langali ndiye ndikulidziwa."

Kenako anadina chithunzi chija cha mapiritsi n'kuuza foni kuti ifufuze kumene chinachokera. Chinapezeka pa tsamba la dziko lakutali, la chilankhulo chimene tonse sitinachizindikire, ndipo chinaikidwapo kalekale, Ba Felistus asanagule ngakhale mwanapiye mmodzi. Titachikulitsa tinaona kuti nkhuku zake ndi zofiirira, ndipo khoma ndi la matailosi. Matailosi! Khola la Ba Felistus ndi la mabuloko osapulasitala ndi waya wa Ba Benard.

Ine ndinaimirira n'kuyamba kuvina pakhonde pomwepo. Ndinali nditakonza kale mawu okawauza Ba Marjory, ena a iwo osayenera kulembedwa. Ba Benard anakweza mutu n'kunena kuti, "Eya," ndipo kwa iwo kumeneko ndi kululutira.

Koma mayi sanaimirire.

"Khala pansi, Emelda. Ndinafunsa kuti nkhuku zimapatsidwa chiyani, ndiye akuyankha zonse. Sungadule mboni pakamwa chifukwa yanena kale zimene umafuna."

Anawerengabe, ndipo ndinaona nkhope ikusintha. Masamba omwe aja amene anawayeretsa pa za mapiritsi ankanenanso chinthu china. Ati chimene madokotala a ziweto amadandaula nacho kwenikweni ndi mankhwala opha tizilombo amene oweta amathira m'madzi nkhuku zikadwala. Ati nkhuku ikamwa mankhwala otere imafunika ipume kaye masiku angapo isanaphedwe, kuti atuluke m'thupi. Ikaphedwa msanga, wodya amadya nawo otsalira. Sagwa pomwepo, ndipo za ubereki sizikhudzana nazo, koma ati zimathandiza kuti tizilombo tizolowere, mpaka tsiku lina munthu wadwala, mankhwala akuchipatala osagwira bwino.

Ba Felistus anavula magalasi n'kuyang'ana ku khola. Ndi kuzizira kwa Juni nkhuku zinali zitayamba chimfine, ndipo iwo ankazithirira kaufa kachikasu m'madzi. M'mawa womwewo, Ba Marjory akukuwa pa geti, ndowa imene inali m'manja mwawo inali ya madzi achikasu.

Tsono mverani mmene timagulira mankhwala kuno. Chitini chathunthu n'chodula, ndiye Ba Cephas, a kashopu ka zaulimi kumsika, amatapa ndi supuni n'kumanga m'timapulasitiki, monga mmene ena amagulitsira ufa wa pamela. Umangoti, "Nipatsenkoni ka yelo ka chimfine," iwo n'kukupatsa. Dzina palibe, malangizo palibe. Oweta nkhuku onse a mbali yathu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale, ndipo palibe anaonapo chitini chake.

Lachiwiri m'mawa Ba Felistus anapita kwa Ba Cephas. Ine anandikaniza kulowa, ati pakamwa panga padzatseketsa chitini. Anawanyengerera Ba Cephas mpaka anachitulutsa pansi pa kauntala, mayi n'kujambula dzina la mankhwalawo. Atafufuza dzinalo anapeza kuti nthawi yodikira ndi pafupifupi sabata, ena amati kupitirirapo. Sanakhutire ndi foni yokha. Anaimbira dokotala wa ziweto amene anabwerapo kudzatemera nkhuku m'komboni, ndipo naye ananena zomwezo. Nkhuku za chilanga mulilo zinayenera kuphedwa Lachisanu. Masiku sankakwana.

Apa ndiye tinayambana, ine ndi mayi amene sindinayambanepo naye.

"Ba sisi, khalani chabe zii!" ndinakuwa. "Banakufunsani va mapilisi. Mapilisi kulibe. Yankhani vamene banafunsa, mwasiliza! Ndani azaziba va ka yelo? Chawama yonse idya ka yelo, ndani anafa?"

"Ndinalonjeza kuti nkhuku zikakhala ndi mlandu ndidzanena ndekha."

"Munalonjeza mulandu wa mapilisi!"

"Emelda, ine ndakhala ndi Belinda m'chipinda ndikumuuza kuti m'nyumba sabisa kanthu. Ndiye ndibise m'poto wa mwamuna wake? Ndimusambitse m'manja mwana wa eni, ndimupatse ntchafu, ndikudziwa?"

"Manje muzataya vonse! Nkhuku, ulangizi, vonse, pa mulandu wamene mwazipezela mweka na mabandulo yanu!"

Ndinatembenukira kwa Ba Benard kuti andithandize. Iwo anayang'ana mbaula yawo n'kunena kuti, "Avala kale nsapato." N'zoona, Ba Felistus anali atavala nsapato za kutchalitchi. Ndinawatsatira ndikulalata njira yonse, kudumpha ngalande ndikulalata, kupatuka mawilibala ndikulalata, chifukwa ngakhale munthu akudziponya m'chitsime, ngati ndi Ba Felistus ine ndimapita naye.

Kwa Ba Marjory tinapeza Ba Mwiche atafika kale pa minibasi kuchokera ku Mandevu, mayi wamkulu thupi, chikwama chili pamiyendo ngati wabwera kudzalanda katundu. Moni anayankha ndi mphuno. Ba Felistus anagwada, kupereka ulemu wonse, kenako anachita chinthu chimene sindinkayembekezera: anawapatsa Ba Mwiche foni m'manja.

"Musamve za ine, amayi, ine ndine woimbidwa mlandu. Funsani nokha. Koma mufunse katatu."

Anawatsogolera monga anachitira ndi ine. Ba Mwiche atafunsa mwaukali, amuna a mataye aja anatuluka, iwo n'kugwedeza mutu mokhutira, mpaka pamene anafika pa kabotolo ka zitsamba. "Awe, uyu ni wa malonda," anatero okha. Ataona chithunzi cha khola la matailosi anaseka mpaka chikwama chinagwa. Ba Marjory anayamba kukonzakonza nsalu ya pa tebulo imene inali yokonzeka kale.

"Ine ninangomvela chabe, ba Felistus," anatero. "Mwaziba mtima wa nakubala. Basi vasila, Chisanu tipaye nkhuku."

Ndinawatsina Ba Felistus pa mkono kuti tiimirire tizipita. Anachotsa dzanja langa ngati akuchotsa nyerere.

"Lachisanu sindingakupatseni nkhuku, amake Belinda. Za mapiritsi ndi bodza, koma ndapeza mlandu wina umene simunandifunse."

Anafotokoza zonse: chimfine, kaufa kachikasu, chitini cha Ba Cephas, mawu a dokotala. Anati ngati akufuna kukagula nkhuku kwina iwo sadandaula, ndipo adzathandiza kusankha, koma akafunse wogulitsayo kuti nkhuku zake zinamwa liti mankhwala komaliza. Ine ndinayang'ana kudenga ndikuwerenga mabowo a malata.

"Mwaona!" Ba Marjory analumpha. "Nenze nakamba ine ati nkhuku zili na mulandu!"

"Imwe khalani pansi," anatero Ba Mwiche. Mawu awo anali atasintha, ndipo anawaitana Ba Felistus ndi dzina la Chibemba la mlangizi. "Bana chimbusa, ka yelo kamene mukamba, ni kaja ka mu tumapulasitiki? Kamene kanunkha monga chingamu?"

"Komweko."

"Mayo ine! Nili na nkhuku za mazila kuseli kwa nyumba. Nimazipatsa kamene ako, na mazila tidya tsiku yamene iyo. Ricky uyu mukamba, nakulisa na mazila ya ka yelo!"

Ricky ndiye mkamwini. Mayi amene anabwera kudzabweza mabeseni anakokera mpando pafupi ndi Ba Felistus n'kuwalamula kuti afunsenso foni za mazira, ndipo afunse ngati mlendo, asaikemo mantha. Anakhala mitu pamodzi, magalasi a Ba Benard akusinthana mphuno. Atamaliza, Ba Mwiche anawomba m'manja.

"Awe mwandi, munthu wamene azipeleka yeka ku polisi sangabise mapilisi. Ine nifuna nkhuku zamene izi, na bana chimbusa bamene aba. Kwina tizagula, ndani azatiuza vamene zinamwa? Tisendeze chilanga mulilo ku Chibelu, Loweruka la sabata inayo. Ukwati ukali kutsogolo, mwana sazafa na njala."

Ba Marjory anakana poyamba, ati oimba ng'oma anauzidwa kale, ati achibale a ku Petauke ali m'njira. Ba Mwiche atawapanikiza, zinatuluka zoti telala anali asanamalize n'komwe madiresi a zitenje a azimayi, chifukwa cha kuzimazima kwa malaiti, ndipo Ba Marjory anali asakugona nazo. Kusuntha tsiku kunawapulumutsa iwo kuposa wina aliyense. Ine ndinawauza zimenezo pamaso, ndipo anandiponyera kansalu ka pa tebulo.

Sabata yowonjezerayo inawadyera Ba Felistus matumba a chakudya amene sanawakonzere, ndipo sanapemphe munthu kuti awathandize. Nkhuku zinamwa madzi oyera okhaokha, zinadya, zinagona, zinadyanso. Pofika tsiku lopha, zinali zitakula moti mkono wanga unatupa ndi kusosola. Azimayi osenza mabeseni anadandaula makosi kuyambira pokwera basi mpaka pa geti la ku Mandevu. Ng'oma zinalira, mfundo za zitenje zinamasulidwa ndi mano monga mwa mwambo, Ba Felistus anamusambitsa Ricky m'manja n'kumufotokozera mbale imodziimodzi, chikanda, visashi, impwa, mpaka nkhuku yathunthu. Mnyamata ataiona anafunsa ngati ndi nkhukundembo. Ba Mwiche anaimirira pakati pa anthu n'kulengeza kuti iyi ndi nkhuku yokhayo mu Lusaka imene mbiri yake ikudziwika kuyambira ili dzira, ndipo anavina mpaka duku linagwa. Kuchokera tsiku limenelo azimayi awiri a ku Mandevu abweretsa kale ana awo kwa Ba Felistus kuti awalangize.

Mzimayi wa mawu a m'bulangete uja sitinamupeze. Ine ndinkafuna kuyenda tchalitchi ndi tchalitchi kumvetsera makwaya mpaka ndimuzindikire, koma Ba Felistus anandiletsa, ati ndingagwire wosalakwa chifukwa ndayamba ndi yankho. Chabwino, ameneyo ndamusiya.

Koma Ba Cephas sindiwasiya. Ba Felistus anapitanso kukawapempha mwaulemu, mwa Chichewa chawo cha ku Chadiza, kuti pa kapulasitiki kalikonse azilembapo dzina la mankhwala ndi masiku odikira. Anayankha kuti cholembera chinauma. Anawagulira cholembera. Dzulo ndadutsa pa shopu, timapulasitiki tili mbwee pa kauntala, topanda chilembo ngakhale chimodzi, chitini chili pansi chitayang'ana kukhoma, ndipo cholembera chili pa khutu lawo ngati ndolo.

Ba Cephas, ndikudziwa kuti izi zikufikani, chifukwa ndaziwerenga kale mokweza pa mzere wa nkhuku kumsika ndipo mawu anga amafika mpaka ku Kafue Rodi. Inu ndinu nokha m'dera lino amene mumaona chitini. Malangizo ali pamenepo, m'manja mwanu, tsiku lililonse. Mayi wa giredi seveni anachita kubwereka magalasi, kutha mabandulo ndi kuika dzina lake pa moto kuti adziwe zimene inu mukanamuuza ndi mpweya umodzi pomupatsa chenji. Loweruka likubwerali ine ndi oweta nkhuku onse tidzakhala pakhomo pa shopu yanu, Ba Mwiche akubwera ndi anzawo a mazira, ndipo mpeni ndidzausiya kunyumba kuti musapeze chonamizira. Mutulutse chitini, muchitembenuze chiyang'ane anthu, ndipo mutiyankhe: zaka zonsezi munkawerenga n'kukhala chete, kapena simunawerengepo n'komwe zimene mumatigulitsa?